Pikiapu ya a Royce Ibwerera Kwawo

Mutu 6

1. Kamaginito ka Amalume

Pikiapu inaima kuseri kwa khola la ng'ombe la a Orval Stroud, itayang'ana kumunda wa chimanga chomwe anali atangokolola. Inali Fodi ya 1972, yobiriwira, ya denga loyera. Tanner Vosberg anaizindikira asanatsike n'komwe m'galimoto ya amalume ake. Chitseko cha kumbuyo chinali chikadali chopindika pamene iye mwini anachigunditsa ku mtengo wa maapozi ali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Galimotoyi inali ya bambo ake, a Royce. Matenda atawafooketsa mwendo mpaka kulephera kuponda kilatchi, anaigulitsa mwakachetechete kwa a Stroud. Nthawi imeneyo Tanner anali ku koleji, chaka choyamba, kuphunzira zokonza makina a ulimi. Palibe anamuuza. Anabwera kumaliro n'kupeza bambo kulibe, galimoto kulibe, pabwalo patangotsala banga lakuda la oyilo. Anthu anabweretsa mbale za chakudya zoti n'kudyetsa tauni yonse, aliyense akumuuza kuti bambo ake ali pabwino. Ku koleji anabwererako sabata imodzi yokha, kenako anasiya.

Tsopano chaka chinali chitatha. Tanner ankagwira ntchito ku nkhokwe za chimanga za m'tauni, ndipo zonse zimene anapeza nyengo yokolola anazisungira galimoto imeneyi.

"Royce weniweni uyu," anatero a Stroud akumugwira chanza. "Mphuno yomweyo. Pepa mwanawe, mphuno sasankha."

Amalume ake a Tanner, a Merle, alongo a mayi ake, anakalamba akukonza mathirakitala. Sanataye nthawi ndi moni. Anatulutsa m'thumba kamaginito kamene anamatula pachitseko cha filiji, n'kuyamba kukamata pathupi la galimoto, malo ndi malo.

"Ukundinyoza pakhomo panga, Merle?" anafunsa a Stroud.

"Ndikukulemekeza. Ndikadakhala kuti ndikukunyoza ndikadabwera ndi hamala." Anatembenukira kwa Tanner. "Taona kuno, mphwanga. Pamene pali chitsulo chenicheni kamamatirira. Pamene kagwe, ndiye kuti wina anatseka dzimbiri ndi phala n'kupaka penti pamwamba. Galimoto yakale usamaigule ndi maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Kamaginito kanamatirira pachitseko, kanamatirira kutsogolo. Pamwamba pa tayala lakumbuyo kanagwa pansi kuti phwa.

"Eya!" anatero a Merle. "Wagwidwa, nkhalamba iwe."

"Wagwidwa ndiwe. Phala limenelo munamata iwe ndi Royce, chaka chija cha matalala. Ine ndinali pomwepo, ndikumwa khofi wanu."

A Merle anakanda kumutu. Tanner anaseka, ndipo anadzidabwa yekha, chifukwa kuseka anali ataiwala kuti kumayambira pati.

Tanner ndi a Merle analowa kunsi kwa galimoto ndi tochi. Zitsulo zonyamula thupi lonse zinali zolimba. Injini inalira atangoyesa kachiwiri kokha.

"Tsono mvetsera," anatero a Stroud. "Loweruka m'mawa kukubwera bwana wina wa ku mzinda wa Omaha ndi ngolo yake yonyamulira magalimoto. Amatolera magalimoto akale. Akufuna akaitsekere m'chipinda chofunda, azikaipukuta ngati khanda. Wandilonjeza zambiri kuposa zako. Koma ine ndinalonjeza Royce kuti mwana wake akadzaifuna, ndidzamupatsa pamtengo womwe ndinagulira. Kudikira mpaka tsiku lachiweruzo ndiye sindinalonjeze. Ubwere Lachisanu dzuwa lisanalowe. Ndipo pageti langa siituluka popanda pepala la inshuwalansi m'manja mwako."

Tsikulo linali Lachitatu.

2. Nzeru za Dusty

Lachinayi masana, pa nthawi yopuma, Tanner anaimbira foni ofesi ya inshuwalansi ya m'tauni. Atamva mtengo wake anakhala pansi pa thumba la mbewu. Mnyamata wa zaka makumi awiri, wosakwatira, woyendetsa galimoto yopanda mabuleki amakono, kwa a inshuwalansi ali ngati moto woyandikira udzu. Pamwezi ankafuna pafupifupi malipiro a sabata yathunthu ndi theka.

"Nkhope ngati wameza ndimu bwanji, Pulofesa?" anafunsa Dusty Kincaid, mnzake wa pantchito. Dzina la Pulofesa anamupatsa tsiku lomwe anamva kuti anathawa koleji.

Tanner anamufotokozera.

Dusty anaseka mpaka kutsokomola fumbi la chimanga. "Koma sukulu inakuwononga mutu, aise. Galimoto ya 1972 saipangira inshuwalansi wamba. Pali ina ya magalimoto akale, ya madala aja amangowatulutsa tsiku la chionetsero. Chaka chonse umalipira zomwe akukuuza za mwezi umodzizo."

"Anandiuza kuti imeneyo imafuna munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu."

"Nanga masteni ako ali ndi zaka zingati? Zisanu ndi zinayi? Lembetsa dzina lawo. Anene kuti woyendetsa ndi iwo, imagona m'galaja yokhoma, imatuluka Lamlungu lokha kupita kutchalitchi. Iwe uzingoitenga m'mawa. Ndani adzakuwerengere? Theka la chigawo chino likuyendera dzina la amayi awo."

"Iwenso?"

"Ine ndikuyendera la agogo anga. Mayi wosaona bwino uja, papepala amayendetsa ngati mphepo."

Belu linalira. Tanner ananyamuka, koma mawu a Dusty ananyamuka naye.

3. Pa Tebulo

Madzulo amenewo mayi ake, a Rhonda, anaphika nyemba za tsabola zosakaniza ndi nyama, pambali pake mabanzi a sinamoni, monga ankachitira kukayamba kuzizira. A Merle anabwera kudzadya nawo. Chimwalirire a Royce, ankabwera Lachinayi lililonse, n'kumanamizira kuti adzakonza mpope wa kubafa.

Tanner anayala nzeru za Dusty ngati zake.

"Ndisaina," anatero mayi ake asanamalize n'komwe. "Ngati n'zimene zingabweretse galimoto ya bambo ako, ndisaina."

A Merle anaika supuni pansi.

"Mlongo wanga, dikira. Iwenso mphwanga, unditchere khutu, chifukwa izi sindibwereza. Pepala la inshuwalansi silikhala ndi ntchito tsiku lomwe ukulisaina. Limagona m'galimoto chaka, zaka ziwiri, zisanu, ngati galu waulesi. Limadzuka tsiku limodzi lokha, tsiku loipa kuposa masiku ako onse. Ndipo tsiku limenelo sabwera Darlene wa ku ofesi uja, amene anakuphunzitsa nyimbo kutchalitchi. Amabwera mlendo wa taye, wosakudziwa, wosadziwa Royce. Amafunsa kuti, galimoto ya Lamlungu imatani pamsewu wa kunkhokwe Lachiwiri m'mawa? Amafunsa anzako a kuntchito. Amakasuzumira m'galaja mwanu, n'kupeza muli makatoni mpaka kudenga, moti ngakhale njinga singalowe.

"Ukuwakumbuka a Pruitt, aja anali ndi munda kuseri kwa mlatho? Mwana wawo Lonnie ankayendera dzina la bambo ake. Sanali chidakwa, sanali wothamangitsa. Tsiku lina kunagwa chipale, galimoto inaterereka, inakawomba galimoto ya mayi wina wa ana awiri. Mayiyo sanafe, koma sanayendenso. A inshuwalansi atafufuza anati, pepalali ndi la bodza, za munda wanu ife sititeteza. Ukadutsa kumeneko lero, pageti pali dzina lina. Ndipo amene anakaima pamaso pa woweruza kuyankha za bodzalo si Lonnie. Ndi amene anasaina. Tsono tayang'ana amene wakhala patsogolo pakoyo, undiuze ngati ukufuna kuti akaime pamenepo."

Tanner sanayang'ane mayi ake. Anayang'ana amalume ake.

"Bodza layamba kukununkhirani lero, amalume? Chaka chatha ndinkaimba foni Lamlungu lililonse. Munkati chiyani? Bambo ako akupezako bwino, limbikira sukulu. Galimoto munagulitsa osandiuza. Ndinabwera kudzawaona atatseka kale maso. Nthawi imeneyo bodza linali labwino?"

A Rhonda anatola mbale yomwe inali isanathe, n'kupita nayo kusinki.

A Merle anapukuta pakamwa pang'onopang'ono.

"Wanena zoona," anatero. "Tinakunamiza. Bambo ako anatipempha, ife tinavomera, chifukwa tinkakukonda. Linali bodza lotchipa, ngati la Dusty wakoyo, paja nzeru zakozi ndikudziwa mwini wake. Ndiye taona amene akulilipira mpaka lero."

Anavala chipewa natuluka. Mpope sanaukhudze.

4. Cholembera cha Mayi Kuhlman

Lachisanu m'mawa Tanner ndi mayi ake anapita ku ofesi ya inshuwalansi, chipinda chimodzi pakati pa positi ofesi ndi malo ometera. A Rhonda anavala juzi yawo ya kutchalitchi.

Mayi Darlene Kuhlman anawalandira ndi khofi. Anali mayi wonenepa, wa magalasi olendewera pa kaunyolo, ndipo panalibe galimoto m'tauni imeneyo imene sankaidziwa mbiri yake.

"Fodi ya Royce!" anatero. "Ndinaikwerapo pa ukwati wanu, Rhonda, titakhala pa mitolo ya udzu kumbuyo. Diresi langa linanunkha ng'ombe mwezi wathunthu."

"Tikufuna inshuwalansi ya magalimoto akale ija," anatero a Rhonda. "M'dzina langa."

Mayi Kuhlman anavala magalasi. Anayang'ana a Rhonda, anayang'ana Tanner, n'kukoka fomu.

"Chabwino. Ndimawerenga mafunso mokweza, ndi chizolowezi changa. Woyendetsa galimotoyi nthawi zambiri adzakhala ndani?"

"Ine."

"Magiya a pamanja unaphunzira liti, mnzanga? Paja Royce ankati unamuthyolera mpanda."

"Ndinaphunzira," anatero a Rhonda, maso ali pa kapu ya khofi.

"Izigona m'galaja yokhoma usiku uliwonse?"

"Inde."

"Idzagwiritsidwa ntchito popita kuntchito kapena kunyamula katundu?"

"Ayi."

Mayi Kuhlman analemba zonse. Anatembenuza fomu, naloza pamzere wa m'munsi, napereka cholembera.

Tanner anali asanawamvepo mayi ake akunama katatu motsatizana. Makutu awo anali atafiira. Anagwira cholembera ndi dzanja lomwe lija linasaina mapepala a kuchipatala, kenako a kumanda. Anachitsitsira pamzere.

"Amayi, ikani cholemberacho."

"Tanner, dzuwa likalowa galimoto ipita ku Omaha."

"Ipite. Ikani." Anatembenukira kwa Mayi Kuhlman. "Woyendetsa ndine. Ndizipita nayo kunkhokwe tsiku lililonse. Izigona panja, pansi pa mtengo wa maapozi, chifukwa m'galaja mwadzaza katundu wa bambo amene sitinayambe kumugwira. Amayi magiya sadziwa."

"Ndimadziwa pang'ono," anatero a Rhonda.

"Simudziwa, amayi."

Mayi Kuhlman anatenga fomu ija, anaing'amba pakati, naiponya m'dengu.

"Mulungu adalitse," anatero. "Khofi wanga anali atayamba kuwawa. Mwana wanga, ndakhala pampando uno zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anthu amaganiza kuti akandinamiza apusitsa kampani. Kampani siipusa. Imalandira ndalama zako mwezi ndi mwezi mosangalala, ndipo tsiku la tsoka imatulutsa pepala lomwe unasaina wekha. Wagula chiyani pamenepo? Ambulera yojambula papepala. Ine ndikanaitumiza fomuyi, chifukwa sindine wapolisi, ndipo mayi ako ndi munthu wamkulu. Koma ndikanamasintha njira ndikakumana nanu kusitolo. Tsopano poti wandiuza zoona, tiye tione chimene zoona zingagule."

Anakoka fomu ina.

"Yoteteza zonse sungaikwanitse, usadzivute. Koma pali yoteteza anthu ena okha. Ukagunda munthu, kapena galimoto yake, kapena mpanda wake, kampani ilipira. Nyumba ya mayi ako palibe adzaikhudze. Imeneyi malipiro ako angaipirire, ukasiya kudya kumalesitilanti."

"Nanga galimotoyo ikaphwanyika?"

"Yaphwanyika basi. Palibe adzakupatse kanthu. Ndikukuuziratu kuti usadzati Darlene sananene."

Tanner anafunsa, "Ndisaine pati?"

Tanner atasaina, Mayi Kuhlman anatsegula kabati natulutsa pepala lachikasu.

"Ichi n'chongowonjezera. Wophunzira wa ku koleji amene akukhoza bwino timamutsitsira mtengo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zikatero, mwina yoteteza zonse ija ungaifikire. Ndinamva kuti unkakhoza."

"Ndinasiya."

"Ndinamvanso zimenezo. Muno timamva zonse. Teremu ina ikuyamba Januwale, ndipo mwana wa mchemwali wanga akuti kulembetsa kutsekedwa sabata yamawa. Tenga, silolemera."

Tanner analipinda kanayi n'kuliika m'thumba, kuti asawakhumudwitse.

5. M'kabokosi

A Merle anawaperekeza kwa a Stroud masana omwewo. Za dzulo sanazitchule. A Stroud anawerenga pepala la inshuwalansi kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera, kenako anasaina pepala la umwini atalitsamiritsa pa boneti.

"Bwana wa ku Omaha alira," anatero. "Ndimugulitsa wilibala."

Tanner atakhala pa chiwongolero, a Merle anatsamira pawindo.

"Mawu awiri okha, mphwanga, kenako ndikusiya. Galimoto iyi inapangidwa anthu asanayambe kuopa imfa. Ilibe mapilo otuluka pangozi. Lamba wake ndi wa m'chiuno basi. Mabuleki ake amayamba aganiza kaye asanagwire, ndiye uziyamba kuponda ukadali kutali, ngati ukupempha. Kukagwa chipale uike matumba a mchenga kumbuyo, apo ayi idzakuvinitsa pamsewu. Foni izikhala m'thumba. Wasankha pepala losakubwezera galimoto, ndiye inshuwalansi ya galimotoyi ndi phazi lako lamanja. Wamva?"

"Ndamva, amalume. Koma mawuwo apitirira awiri."

"Choka apa."

A Rhonda anakwera mbali inayo. M'katimo munkanunkhabe oyilo ndi maswiti a timbewu tonunkhira amene a Royce ankatafuna atasiya fodya. Onse awiri anamva fungolo.

Anayenda pang'onopang'ono pamsewu wa miyala. Mathirakitala awiri anawapitirira. Munthu wina wa pa thirakitala anaizindikira galimotoyo, nakweza chipewa.

Atafika pakhomo, Tanner anaiimika pamwamba penipeni pa banga la oyilo lija. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo kuti aikemo pepala la inshuwalansi, ndipo dzanja lake linaima.

Kuseri kwa kachitseko ka kabokosiko kunali zolemba za pensulo, mizere yothithikana kuyambira pamwamba. A Royce sankakhulupirira timapepala ta kugalaja. Akasintha oyilo ankalemba pomwepo tsiku ndi mtunda umene galimoto yayenda, nthawi zina n'kuwonjezera mawu awiri atatu. "Tayala latsopano." "Matalala." "Tanner wabadwa, oyilo wachedwa." "Tanner wagunda mtengo."

Mzere womaliza unali wa mu Ogasiti, chaka chatha. "Kukatula Tanner ku koleji. Yanyamula bwino."

Pansi pake panali malo a mizere ina isanu kapena isanu ndi umodzi.

A Rhonda anawerenga naye, mutu utatsamira paphewa lake.

"Tinalakwa kukubisira," anatero. "Ankaopa kuti ukadziwa usiya sukulu."

"Ndiye ndinasiyabe."

"Unasiyabe. Mutu ngati wa bambo ako."

Kapensulo kanali momwemo, kakafupi ngati chala, komangidwa ndi ulusi. Tanner anakanyowetsa ndi lilime monga ankachitira a Royce. Analemba tsiku, analemba mtunda, nawonjezera kuti, "Yabwerera. M'dzina langa."

Mayi ake atalowa m'nyumba, Tanner anatulutsa pepala lachikasu lija n'kulitambasula pa chiwongolero. Linali losavuta. Linkangofuna chidindo cha koleji ndi siginecha ya mkulu woyang'anira maphunziro ake.

Mkulu ameneyo anali mmodzi yekha, a Lindqvist. Ndiwo anamutsatira mpaka pakhomo la kalasi tsiku lomwe ankachoka, n'kumugwira mkono, akumuuza kuti bambo ake sakanafuna zimenezi. Tanner anawakankha dzanja ophunzira onse akuona. Anawaponyera makiyi a bokosi la zipangizo kumapazi, nawauza kuti asadzatchulenso bambo ake pakamwa pawo, ndi mawu ena amene sangalembedwe pano.

Anayang'ana geji ya mafuta. Thanki inali ndi okwanira ulendo wa ku koleji, kupita kokha.

Anatsika, nasuzumira pakhomo la kukhitchini.

"Amayi, malaya anga oyera aja ali kuti? Ndiwafuna Lolemba."

A Rhonda anatembenuka, manja ali ndi thovu.

"Lolemba kuli maliro a ndani?"

"Mwina anga," anatero Tanner. "Zitengera a Lindqvist."